Nkhosa zikatsala ndi mapesi okha: mafunso ndi mayankho pa zakudya zoonjezera m'chilimwe

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, msipu umatha m'madera ambiri a dziko lino. Udzu umauma, wina umapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo chotsala chimakhala mapesi: a chimanga kumtunda, a mapira ku Chigwa cha Shire, a mpunga ku Karonga, Nkhotakota, Salima, Bwanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Nkhosa zimadya mapesiwo ndithu, komabe pofika Novembala nthiti zimawerengeka, zabere zimaswa tiana tofooka, ndipo zina zimafa mvula ili pafupi. Mavuto ambiri otere ndi opeweka, ndipo zowapewera zambiri zili kale pakhomo pa mlimi. Mafunso otsatirawa ndi amene oweta nkhosa amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake ambiri akukhudzanso mbuzi.

Funso: Nkhosa zanga zimadya mapesi tsiku lonse mpaka mimba kufufuma. Nanga zikuwonderanji?

Yankho: Chifukwa kudzaza mimba ndi kudyetsa thupi n'zosiyana. Mbewu ikamakhwima imasamutsira chakudya chake chabwino m'maso a chimanga kapena a mpunga, ndipo phesi limatsala ndi ulusi wouma wovuta kugaya. M'kilogalamu imodzi ya mapesi a mpunga muli zomanga thupi zokwana magalamu 30 mpaka 50 okha. M'mapesi a chimanga muli pang'ono kuposa apo, magalamu 40 mpaka 60. Koma kuti chifu cha nkhosa chigwire ntchito bwino, pamafunika magalamu osachepera 70 pa kilogalamu iliyonse ya chakudya.

Tiyeni tiwerengere nkhosa yolemera makilogalamu 30. Ikamadya mapesi a mpunga okha imamaliza magalamu 500 kapena 600 patsiku, ndipo m'menemo imapezamo zomanga thupi zongopitirira pang'ono magalamu 20. Thupi lake limafuna pafupifupi magalamu 60 kuti lingokhala mmene lilili, osakula, osatenga bere, osayamwitsa. Zoperewerazo imazitenga m'mnofu wake womwe. Kuwonda kumene mukuona ndi nkhosa ikudya thupi lake.

Funso: Bwanji siingodya mapesi ambiri kuti ikwaniritse zoperewerazo?

Yankho: Siingathe, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nkhosa ndi nyama yobzikula. Chakudya chikamezedwa chimayamba chafikira m'chifu chachikulu, mmene mumakhala tizilombo tothandiza tosaoneka ndi maso, tochuluka kosawerengeka. Tizilomboti ndi timene timaphwanya ulusi wa phesi n'kuusandutsa mphamvu. Tikachulukana, tina timatsikira m'matumbo n'kugayidwa, ndipo matupi a tizilombo tomweti ndiwo gwero lalikulu la zomanga thupi za nkhosa.

Tizilomboti natonso timafuna kudya. Tikasowa zomanga thupi timachepa ndipo timagwira ntchito mwaulesi. Zikatero phesi limakhalitsa m'chifu masiku angapo lisanaphwanyike, chifu chimakhala chodzaza, ndipo nkhosa imasowa poika chakudya china ngakhale thupi lili ndi njala. Ndowe zimatuluka zouma gwa, ndipo nkhosa imakhala duu pamthunzi.

Choncho poonjezera chakudya, choyamba mukudyetsa tizilomboti. Tizilomboti tikangopeza zomanga thupi pang'ono, timachulukana, phesi limagayika msanga, chifu chimapeza malo, ndipo nkhosa imayamba kudya mapesi ambiri kuposa kale. Zili ngati nsima ndi ndiwo: ndiwo zimakhala zochepa m'mbale, koma ndi zimene zimachititsa kuti nsima itsike.

Funso: Ndiyambe ndi ziti, zomanga thupi kapena zopatsa mphamvu?

Yankho: Yambani ndi zomanga thupi. Mphamvu ilimo kale m'mapesi, kungoti ndi yotsekeredwa mu ulusi, ndipo zomanga thupi ndi zimene zimaitsekula. Alimi ambiri amayamba ndi madeya chifukwa ndiwo apafupi. Madeya ndi abwino, koma paokha sathetsa vutolo, chifukwa zomanga thupi zili mmenemo ndi magalamu 100 kapena kupitirira pang'ono pa kilogalamu, zongokwanira madeya eniakewo. Tsono ndondomeko yake ndi iyi: mapesi okwanira, kenako zomanga thupi, kenako zopatsa mphamvu, osaiwala mchere ndi madzi. Nkhosa yaikulu yopanda bere itha kudutsa chilimwe ndi mapesi, zomanga thupi ndi madeya ochepa. Zabere, zoyamwitsa ndi zonenepetsa zimafuna zonse ziwiri mokwanira.

Funso: Ndilibe ndalama zogulira zakudya za m'sitolo. Zomanga thupi ndingazipeze kuti?

Yankho: M'munda mwanu momwemo. Zotsalira za mtedza, ndiye kuti masamba ndi timitengo totsala mukathothola, zili ndi zomanga thupi magalamu 100 mpaka 150 pa kilogalamu, kuwirikiza katatu mapesi a mpunga. Ubwino wake uli m'masamba, choncho zisonkhanitseni masamba asanayoyoke, ziumitseni, ndipo muzisunge pouma. Zotsalira za khobwe, nyemba ndi soya, masamba ndi makoko a nandolo, ndiponso zomera za mbatata mukakumba, zonsezi n'zothandiza.

Mitengo imaposa pamenepo. Masamba a lukina ndi a gilisidiya, mtengo umene alimi ambiri amaudziwa chifukwa chobwezera chonde m'nthaka, ali ndi zomanga thupi zopitirira magalamu 200 pa kilogalamu ya masamba ouma. Msangu, umene uli wambiri ku Salima, Bwanje ndi Mangochi, uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndipo nyemba zake zimagwa nthawi yomwe ziweto zili pa njala. Tolani nyembazo muzisunge m'matumba, ndipo mukazisinja pang'ono nkhosa imapindula ndi njere zomwe.

Pali zitatu zoyenera kusamala. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha tsikulo, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kufooketsa nkhosa. Gilisidiya wamuwisi nkhosa zambiri zimamukana chifukwa cha fungo, koma akafota tsiku limodzi zimamudya. Masamba a chinangwa ayambe auma padzuwa, chifukwa aawisi ali ndi poizoni.

Funso: Nanga ndikapeza kandalama, ndigule chiyani?

Yankho: Gulani zotsalira poyenga mafuta, zimene ogulitsa amazitchula kuti keke. Keke ya njere za thonje ndi ya mpendadzuwa zimakhala ndi zomanga thupi magalamu 250 mpaka 350 pa kilogalamu, malingana ndi kuchuluka kwa makoko amene atsalamo. Ya soya imapitirira magalamu 400, koma ndi yokwera mtengo chifukwa oweta nkhuku ndi nkhumba amailimbirana. Kwa nkhosa, ya thonje kapena ya mpendadzuwa ndi yokwanira. Keke ili ndi ubwino wina umene masamba ambiri alibe: gawo lina la zomanga thupi zake limadutsa chifu osaphwanyidwa ndi tizilombo, n'kukagayidwa m'matumbo. Ndiye kuti imadyetsa tizilombo ndi nkhosa yomwe nthawi imodzi.

Tibwerere ku nkhosa ya makilogalamu 30 ija. Mukaipatsa magalamu 150 a keke ya thonje, mwaionjezera zomanga thupi pafupifupi magalamu 45. Kuphatikiza ndi 20 a m'mapesi aja, yafika pa mlingo umene thupi limafuna, ndipo tisaiwale kuti tsopano idya mapesi ambiri.

Keke ya thonje ili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa gossypol. Nkhosa yaikulu imamugonjetsa m'chifu, koma ana a nkhosa osakwana miyezi 4 asapatsidwe, ndipo mphongo yokwera isadye yambiri kwa nthawi yaitali chifukwa imafooketsa mbewu yake. Keke iliyonse yochita chuku kapena yonunkha chivundi itayeni.

Funso: Zopatsa mphamvu ndi ziti, ndipo kodi zingachuluke mpaka kuvulaza?

Yankho: Madeya a chimanga, amene ena amati gaga, ndiwo oyamba. Palinso madeya a mpunga, chimanga chofumbwa kapena chosweka, mapira, makaka osinja, ndiponso molasesi wotsala popanga shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Pogula madeya a mpunga, afinyeni m'manja: akakhala okhakhala ndi obaya, ndiye kuti achuluka mankhusu, ndipo mankhusu a mpunga alibe chakudya. Molasesi mukamupeza, sungunulani pang'ono m'madzi n'kuwaza pa mapesi odula. Amakometsa mapesi, ndipo magalamu 50 mpaka 100 pa nkhosa patsiku ndi okwanira.

Zopatsa mphamvu zikachuluka zimavulazadi, ndipo zimatero m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yobisika. Madeya ndi chimanga zimasasa msanga m'chifu, ndipo chifu chikasasa, tizilombo togaya ulusi timaleka ntchito. Nkhosa imasiya mapesi n'kumangodikira madeya, ndiye kuti mwawononga ndalama kugula chakudya cholowa m'malo mwa mapesi aulere. Kwa nkhosa ya makilogalamu 30 imene chakudya chake chachikulu ndi mapesi, madeya asamapitirire magalamu 300 patsiku.

Yachiwiri ndi ya ngozi. Nkhosa yosazolowera ikapeza thumba la madeya kapena chimanga choyanika pamkeka n'kudya mpaka kukhuta, imasiya kubzikula, mimba imatupa, imatsekula m'mimba zonunkha zowawasa, ndipo itha kufa pa tsiku limodzi kapena awiri. Chakudya chatsopano chilichonse chiyambe ndi kadzanja kamodzi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14. Ngati mukunenepetsa ana a nkhosa, funsani alangizi a ziweto za katemera wa pulpy kidney, matenda amene amapha mwadzidzidzi mwana wonenepa kwambiri m'khola chakudya chikasintha.

Funso: Tandipatsani miyeso yeniyeni. Ndizipereka zochuluka bwanji?

Yankho: Choyamba konzani chosakaniza. Pa makilogalamu 10, ikani makilogalamu 6.5 a madeya, makilogalamu 3.2 a keke, magalamu 200 a laimu wa ziweto ndi magalamu 100 a mchere. Laimuyo akhale wogulitsidwa ngati chakudya cha ziweto, osati womangira nyumba. Sakanizani bwino pa pepala la pulasitiki mpaka mtundu ukhale umodzi.

Kwa nkhosa ya makilogalamu pafupifupi 30, miyeso ya tsiku limodzi ili motere. Yopanda bere: mapesi mmene ingathere, magalamu 300 a zotsalira za mtedza kapena magalamu 200 a masamba ouma a lukina kapena gilisidiya, ndi magalamu 100 a madeya. Ngati masamba mulibe, magalamu 150 a keke alowe m'malo mwake. Yabere imene yatsala masabata 6 kuti iswe: mapesi, magalamu 300 a zotsalira za mtedza, ndi chosakaniza chija kuyambira magalamu 150 mpaka kufika 300. Yoyamwitsa: chimodzimodzi, koma chosakaniza chifike magalamu 400, makamaka ngati ili ndi mapasa. Yonenepetsa: mapesi, masamba, ndi magalamu 300 mpaka 400 a chosakaniza.

Sikelo siifunika tsiku lililonse. Yezani kamodzi kokha pa sikelo ya kugolosale kapena kuchigayo, thirani m'chitini, lembani mzere, basi chitinicho chasanduka muyeso wanu. Chosakaniza chikapitirira magalamu 200, chigaweni pawiri, m'mawa ndi madzulo. Ndipo perekani tsiku lililonse. Kadzanja ka tsiku ndi tsiku kamaposa ndowa ya kamodzi pa sabata, chifukwa tizilombo ta m'chifu timafuna chakudya chosadukiza.

Funso: Chakudya changa n'chochepa, nkhosa n'zambiri. Ndiyambe ndi ziti?

Yankho: Musagawe mofanana. Yambani ndi zabere zoyandikira kuswa. Bere la nkhosa limatenga miyezi 5, ndipo mwana amakula kwambiri m'masabata 6 omaliza. Nthawi yomweyo mwanayo amapanikiza chifu, kotero mayi amadya zochepa pamene thupi likufuna zambiri. Nkhosa yotere, makamaka ya mapasa, ikasowa mphamvu imayamba kudzipatula, imayenda ngati siikuona, imakukuta mano, kenako imagona osadzukanso. Ikafika pogona, kuipulumutsa n'kovuta.

Zachiwiri ndi zoyamwitsa m'miyezi iwiri yoyamba, chifukwa mkaka ndiwo moyo wa mwana. Zachitatu ndi ana ongoletsedwa kuyamwa. Kenako zazikazi zoonda zimene mukufuna zikweredwe: kuziwonjezera chakudya masabata 2 kapena 3 zisanakweredwe kumathandiza kuti zitenge bere msanga. Zotsala zidikire. Dulani khola ndi nsungwi kuti zosowa kwambiri zidye pazokha, apo ayi zamphamvu zimalanda zonse. Ngati mukuona kuti chakudya sichifika ku mvula, gulitsani zokalamba ndi mphongo zosafunika zikadali ndi mnofu, ndalamayo mugulire keke ya zotsalazo.

Funso: Ndinamva kuti ena amathira feteleza wa yureya pa mapesi. Kodi n'zoona?

Yankho: N'zoona, ndipo ndi njira yodziwika m'mayiko olima mpunga monga Bangladesh, India ndi China. Yureya akanyowa pamalo otsekedwa amasanduka mpweya wa amoniya. Mpweyawu umafewetsa ulusi wa phesi, ndipo wina umakanirira m'phesimo n'kukhala chakudya cha tizilombo ta m'chifu, timene timatha kupanga zomanga thupi kuchokera ku amoniya. Mapesi a mpunga okonzedwa chonchi amachoka pa magalamu 40 kufika pa 70 kapena 90 pa kilogalamu, ndipo nkhosa zimadya ambiri.

Kakonzedwe kake n'kotere. Pa makilogalamu 100 a mapesi ouma pamafunika makilogalamu 4 a yureya ndi malita 60 a madzi. Poyamba yesani zochepa: makilogalamu 25 a mapesi, kilogalamu imodzi ya yureya, malita 15 a madzi. Sungunulani yureya mpaka pasatsale kambulu ngakhale kamodzi. Yalani pulasitiki m'dzenje, ikani mapesi odula okwana chikhato kuchindikala, wazani madziwo ndi kheni mofanana paliponse, pondani ndi mapazi, ikaninso mapesi ena, mpaka atha. Phimbani ndi pulasitiki n'kutsendera dothi m'mbali kuti mpweya usatuluke. M'nyengo yotentha dikirani masabata 3. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dikirani masabata 4 kapena kupitirira.

Mukavundukula, mapesi abwino amakhala ofiirira, ofewa mukawapinda, ndi fungo lobaya m'mphuno. Akakhala akuda, onanda kapena achuku, ndiye kuti mpweya unalowa kapena madzi anachuluka. Tapani okwanira tsiku limodzi, ayalikeni pamthunzi maola angapo kuti fungo lichoke, n'kutsekanso dzenjelo. Mapesi otere amafunabe madeya pang'ono ndi masamba kuti phindu lake lioneke lonse.

Funso: Kodi yureya sangaphe nkhosa?

Yankho: Amapha, ndipo amapha msanga. Magalamu 10 mpaka 15, omwe ndi masupuni aang'ono atatu kapena anayi, akamezedwa nthawi imodzi ndi nkhosa yosazolowera atha kuipha ola lisanathe. N'chifukwa chake sindilimbikitsa mlimi kusakaniza yekha yureya m'madeya kapena m'madzi akumwa. Njira ya m'dzenje ndi yotetezeka chifukwa pofika tsiku lodyetsa yureya amakhala atasanduka kale. Ngakhale zili choncho, ulendo woyamba konzani pamodzi ndi alangizi.

Malamulo ake ndi awa. Gwiritsani ntchito yureya yekha, osati CAN kapena feteleza wokulitsa, chifukwa amenewo ndi poizoni wa mtundu wina. Sungani thumba ndi madzi osungunulira kutali ndi ziweto. Ana a nkhosa osakwana miyezi 4, nkhumba, nkhuku ndi abulu zisadye chilichonse chokhala ndi yureya. Musaphatikize yureya ndi soya wamuwisi, chifukwa soyayo amamusandutsa amoniya mofulumira kwambiri.

Nkhosa yodya yureya imanjenjemera, imatuluka dovu, imapuma mwabefu, imadzandira ndipo mimba imatupa. Imwetseni msanga viniga wa kukhitchini, theka la lita mpaka lita imodzi, pamodzi ndi madzi ozizira, pang'onopang'ono kuti isatsamwe, uku wina akuitana alangizi a ziweto.

Funso: Mchere ndi madzi zili ndi gawo lanji? Nanga chakudya cha nkhuku kapena nkhumba ndingapatseko nkhosa?

Yankho: Mapesi ouma amafuna madzi ambiri. Nkhosa yaikulu imamwa malita 3 mpaka 6 patsiku m'nyengo yotentha, ndipo yoyamwitsa imaposa apo. Madzi akachepa, kudya kumachepanso. Mchere wokwana magalamu 5 mpaka 10 patsiku umakometsa chakudya ndipo umachititsa nkhosa kumwa.

Laimu uja ali ndi ntchito yaikulu kwa mphongo, makamaka zofula. Madeya ndi keke zili ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa, ndipo kusalingana kumeneku kumapanga timiyala m'njira ya mkodzo. Mukaona mphongo ikudzikunga, ikulira, mkodzo ukungodontha, vuto ndi limenelo. Laimu, mchere, madzi okwanira ndi zotsalira za mtedza zimateteza.

Chakudya cha nkhumba ndi cha nkhuku musapatse nkhosa, ngakhalenso mchere wonyambita wopangira ng'ombe pokhapokha palembedwe kuti ndi woyeneranso nkhosa. Muli kopa wochuluka, ndipo nkhosa imaunjika kopa m'chiwindi mwakachetechete kwa miyezi, kenako n'kufa mwadzidzidzi maso atachita chikasu, mkodzo utada.

Funso: Kodi pali kaperekedwe ka mapesi kamene kamathandiza?

Yankho: Kalipo. Nkhosa ili ndi milomo yosankha. Mukaipatsa mapesi a chimanga kapena a mapira ochuluka, imatola masamba ndi makoko, omwe ndi abwino, n'kusiya tsinde louma. Choncho musaikakamize kumaliza zonse. Ipatseni pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku, ndipo zotsala zipite kwa ng'ombe kapena zikhale zogonera n'kusanduka manyowa. Dulani mapesi ndi chikwanje kutalika ngati chala, ndipo muziika modyera mokwera. Chimene nkhosa yaponda kapena kukodzera siidyanso.

Mpunga ndi wosiyana: tsinde lake limagayika bwino kuposa masamba, choncho pokolola dulani mmunsi. Ndipo mapesi a mtundu uliwonse atuteni mukangokolola. Akakhalitsa m'munda, masamba amauluka ndi mphepo, chiswe chimadya, moto umamaliza. Asanjeni pa nsanja yokwera ndipo muwafolere. Nkhosa 10 kwa miyezi 4 zimafuna mapesi okwana makilogalamu 1,200. Munda wa chimanga umatulutsa mapesi olemera mofanana ndi chimanga chimene mwakolola, kapena kuposa, choncho amene wakolola matumba 30 ali nawo okwanira.

Funso: Alangizi a mbewu amati mapesi tiziphimbira nthaka. Inu mukuti tidyetse nkhosa. Timvere ziti?

Yankho: Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sizilimbana mukagawa bwino. Nkhosa imafuna masamba ndi nsonga, pamene nthaka imapindula ndi tsinde lolimba limene limachedwa kuwola. Pa chimanga ndi mapira, dulani chigawo chakumwamba mupite nacho kukhola, chakumunsi chitsale m'munda. Zimene nkhosa zasiya pamodzi ndi ndowe zake zibwerere kumunda ngati manyowa. Dzalaninso gilisidiya kapena lukina m'malire kuti munda womwewo uzidyetsa nthaka ndi ziweto. Chimene sichipindulira aliyense ndi kutentha mapesi.

Funso: Ndakhala ndikuwonjezera chakudya koma nkhosa zina sizikusintha. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Yambani mwaona njoka za m'mimba. Tsitsani chikope chammunsi ndi chala: mkati mwake muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa, kapena pansi pa chibwano patatupa, nkhosa ikutha magazi, ndipo chakudya chanu chikudyetsa njokazo. Kumadambo ndi m'minda ya mpunga kulinso tizilombo ta m'chiwindi timene timafuna mankhwala akeake, choncho funsani alangizi musanagule. Onaninso mano, poti nkhosa yokalamba yoguluka mano siingathe mapesi. Kenako imani pakhola nthawi yodya muone ngati yofookayo ikufika pamodyera.

Poyesa ngati zikusintha, musadalire maso okha, chifukwa ubweya ndi mimba zimanamiza. Gwirani pamsana, kuseri kwa nthiti yomaliza. Mafupa akabaya dzanja, nkhosa ndi yoonda. Akamamveka ophimbika ndi mnofu, muli panjira yabwino. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 3 kapena 4. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso: Kodi zonsezi zimabweza ndalama? Ndiyambe liti?

Yankho: Werengerani nokha ndi mitengo ya kwanu. Nkhosa yabere imadya chosakaniza chokwana makilogalamu pafupifupi 10 m'masabata 6 omaliza, ndi makilogalamu 24 m'miyezi iwiri yoyamwitsa. Zonse pamodzi sizikwana thumba limodzi la makilogalamu 50. Yerekezani mtengo wake ndi mtengo wa nkhosa yaikazi ndi mwana wake. Mwana wa nkhosa wodyetsedwa bwino atha kuonjezera magalamu 50 mpaka 100 patsiku pa nthawi imene anzake akutsika, ndipo pa miyezi 3 amenewo ndi makilogalamu 4.5 mpaka 9. Mukalinganiza kunenepetsaku ndi nyengo imene nyama imafunidwa kwambiri, monga Khirisimasi kapena Idi ya nsembe, phindu limakula.

Nthawi yoyambira ndi pokolola, mu Epulo, Meyi ndi Juni. Apo ndi pamene zotsalira za mtedza zili ndi masamba, mapesi sanadyedwe ndi chiswe, mitengo ili yobiriwira, ndipo madeya ndi otchipa kuchigayo. Madeyawo aumitseni bwino musanawaike m'matumba. Kudyetsa kuyambe nkhosa zisanawonde, chifukwa kusunga mnofu n'kotchipa kuposa kuubwezeretsa.

Alimi anzanga, chaka chino musatenthe mapesi ndipo musasiye zotsalira za mtedza m'munda. Mangani nsanja, sungani, dzalani mitengo ya masamba m'malire, ndipo pitani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu mukonze nawo miyeso yoyenera khola lanu chilimwe chisanafike.